Ena adapanga nthabwala, ku Mulanje kudagwa maliro

Nkhani za anthu odya anzawo kapena opopa magazi sizachilendo m'boma la Mulanje. Zimakambidwa pa msika wa Limbuli, pa Chitakale mpaka kumalire a Muloza. Koma ndi ochepa amene akudziwa kuti ku America kuli filimu yanthabwala, yodzaza ndi nyimbo, yomwe mwini nkhani wake ndi munthu amene adadyadi anzake.

Munthuyo dzina lake ndi Alferd Packer. Mu February 1874 iye ndi amuna asanu adanyamuka kukasaka golide m'mapiri a San Juan m'chigawo cha Colorado. Mfumu Ouray ya mtundu wa Ute idawalangiza kuti adikire nyengo yachisanu ithe, koma sadamve. Paja mawu a akulu akoma akagonera.

Mu April chaka chomwecho Packer adatulukira yekha. Atapanikizidwa ndi mafunso, adavomera kuti chakudya chitawathera adapulumukira nyama ya anzakewo. Adathawa m'chitokosi, ndipo adagwidwanso mu 1883 n'kugamulidwa kuti anyongedwe. Khoti lalikulu lidakana chigamulochi. Mu 1886 adamuzenganso mlandu n'kumupatsa zaka 40. Adatuluka m'ndende mu 1901 ndipo adamwalira mu 1907.

Mu 1993 Trey Parker, yemwe ankaphunzira pa University of Colorado ku Boulder, adatenga nkhaniyi n'kupanga filimu pamodzi ndi mnzake Matt Stone. Ndalama zidali zochepa, madola pafupifupi 125,000, moti ambiri mwa ochita sewero adali ophunzira anzawo. Parker adasewera yekha ngati Packer, mnyamata wopepera amene amangoimbira kavalo wake wosowa uku anzake akufa ndi njala.

Kampani ya Troma idaitulutsa mu 1996 pa dzina loti Cannibal! The Musical. Chaka chotsatira awiriwa adatchuka ndi katuni ya South Park. Makolo adziwe kuti ngakhale ndi yoseketsa, filimuyi ili ndi magazi ambiri ndipo siyoyenera ana.

Chomwe chidalola anthu a ku Colorado kuseka ndi chakuti mlandu udali utatha kalekale. Mitembo idapezeka, mboni zidayankhula, khoti lidagamula.

Kuno kwathu zidayenda mosiyana. Kumapeto kwa 2002 mphekesera za anamapopa zidafala m'maboma a kummwera, ndipo mu January 2003 anthu olusa adagenda Eric Chiwaya, gavanala wa chipani cha UDF mu mzinda wa Blantyre, pomuganizira kuti akusunga opopa magazi.

Mu September 2017 mphekesera zija zidabukanso ku Mulanje ndi ku Phalombe. Anthu ankagona panja m'magulu, anyamata adatchinga misewu n'kumasecha galimoto, ndipo mlendo aliyense wonyamula chikwama ankakayikiridwa. Boma lidaletsa kuyenda usiku. Bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake m'mabomawa mu October, ndipo mtsogoleri wa dziko lino Peter Mutharika adachita kupita yekha kukayankhula ndi anthu.

Anthu osachepera asanu ndi anayi adaphedwa m'chigawo cha kummwera, apolisi adamanga anthu oposa 100, koma namapopa ngakhale mmodzi sadaonekere kukhoti ndi umboni. Alendo okwera phiri la Mulanje adachepa, zomwe zidapweteka anyamata operekeza ndi onyamula katundu a pa Likhubula.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Packer, amene adavomera ndi pakamwa pake, adapatsidwa mwayi woyankha mlandu kawiri konse. Amene adaphedwa mu 2017 sadapatsidwe ngakhale mphindi imodzi yodziteteza, ndipo ana awo adatsala amasiye chifukwa cha mawu akuti "akuti".

Masiku ano foni yam'manja imajambula kanema, ndipo achinyamata a ku Mulanje sasowa magulu a zisudzo ndi oimba. Nkhani ya 2017 ikudikira woti aisandutse filimu, yoti woonera aseke mantha ake, kenaka akumbukire amene adafa osalakwa.