Kodi mumadziwa? Wotchi inaima, Rutgers n'kuluza

Pa 11 February 2008, mumzinda wa Knoxville ku America, matimu a basketball a atsikana a mayunivesite a Tennessee ndi Rutgers anakumana pa masewero amene mpaka lero anthu amakanganabe. Rutgers inkatsogola 58-57 nthawi ili pafupi kutha. Wotchi itafika pa masekondi 0.2 inangoima, osayendanso kwa sekondi yopitirira imodzi, mpira uli mkati. M'kanthawi kameneko Kia Vaughn wa Rutgers anachita faulo pa Nicky Anosike wa Tennessee. Oyimbira ataonerera kanema anagamula kuti fauloyo inachitika nthawi isanathe. Anosike anaponya mipira iwiri yaulere, yonse n'kulowa, ndipo Tennessee inapambana 59-58.

N'zopweteka ndithu, chifukwa wotchi ikanayenda bwino atsikana a Rutgers akanapambana.

Nanga wotchi yotereyi imagwira ntchito bwanji? M'masewero ambiri a m'makoleji a ku America, oyimbira amavala kachipangizo m'chiuno kolumikizana ndi wotchi. Akaimba wenzulo, wotchi imaima yokha. Koma kuti iyambenso kuyenda pamafunikabe chala cha munthu, kaya woyimbira kapena wosunga nthawi wokhala patebulo m'mbali mwa bwalo.