Zombo zopanda anthu: kuchokera pa Sputnik kufika pa Voyager

Pa zinthu zonse zimene anthu anapangapo, chimene chili kutali kwambiri ndi dziko lapansi ndi chombo cha Voyager 1. Chinanyamuka ku Cape Canaveral, m'dziko la America, pa 5 Seputembala 1977, ndipo pano chili pa mtunda woposa makilomita 24 biliyoni. M'katimo mulibe munthu, ndipo sichidzabwereranso. Zombo zambiri zofufuza mlengalenga n'zotero. Zimapita kokhazikika, chimene chimabwera kuno ndi uthenga wa pa wailesi basi. Choncho mbiri ya zombozi tingaimvetse bwino tikamafunsa kuti uthengawo umafika bwanji, ndipo oulandira amaumva bwanji.

Setilaiti yoyamba, Sputnik 1, inaponyedwa ndi dziko la Soviet Union pa 4 Okutobala 1957. Inali ngati mpira wachitsulo wa masentimita 58 m'mimba mwake, wolemera pafupifupi makilogalamu 84. Inalibe kamera. Inkangolira "pi, pi, pi" pa wailesi, ndipo patatha milungu itatu mabatire anatha.

Kumayambiriro kwa 1958, a ku America anaponya Explorer 1, imene inanyamula kachipangizo kowerenga tizinthu tating'ono kwambiri ta mphamvu timene timayenda mlengalenga. Setilaitiyo ikakwera m'mwamba kwambiri, kachipangizoko kankangoti zii, ngati kawonongeka. James Van Allen ndi anzake atayerekeza ndi zimene Explorer 3 inatumiza, anazindikira kuti tizinthuto tinachuluka mpaka kachipangizoko kulephera kuwerenga. Umu ndi mmene anatulukira malamba a tizinthu timeneti ozungulira dziko lathu, amene mpaka lero amatchedwa dzina la Van Allen. Nkhani imeneyi ndi yabwino kuuza ana pa phunziro la kuyeza zinthu, chifukwa ikusonyeza kuti chida chikakhala chete, wina ayenera kufunsa chifukwa chake.

Mu Epulo 1960, TIROS-1 inayamba kujambula mitambo kuchokera kumwamba. Masetilaiti a zanyengo amene analowa m'malo mwake ndi amene amationetsa namondwe akadali panyanja, monga zinalili ndi Idai asanafike ku Beira mu Malichi 2019.

Zombo zina zinalunjika kutali. Mu 1959 Luna 3 inajambula mbali ya Mwezi imene sitiiona tili pansi pano, n'kutsuka filimu yokha m'kati mwa chombo. Mu Julayi 1965 Mariner 4 inadutsa pafupi ndi Mars n'kujambula zithunzi 22. Chithunzi chimodzi chinkatenga maola oposa 8 kuti chifike, ndipo chinkabwera ngati manambala, nambala iliyonse ikuimira kuwala kapena kuda kwa kadontho kamodzi. Akatswiri ena analephera kudikira kompyuta. Anamata timapepala ta manambalato pakhoma n'kuyamba kupaka mitundu pamanja ndi makrayoni, ngati ana a m'kalasi yoyamba. Pa 15 Disembala 1970, Venera 7 inatera pa Venus, imene ife timaitcha Nthanda, ndipo kwa mphindi 23 inatumiza uthenga wofooka wosonyeza kuti kumeneko kumatentha madigiri pafupifupi 475.

Ulendo wa Voyager unabadwa m'masamu. Mu 1965 Gary Flandro, amene ankagwira ntchito ku Jet Propulsion Laboratory ku California, anaona kuti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 mapulaneti anayi akuluakulu, Jupiter, Saturn, Uranus ndi Neptune, adzakhala mbali imodzi ya Dzuwa mwandondomeko yoti chombo chimodzi chingawayendere onse. Mwayi wotere umabwera kamodzi pa zaka pafupifupi 175. Njira yake ili motere: chombo chikadutsa kumbuyo kwa pulaneti imene ikuthamanga kuzungulira Dzuwa, mphamvu yokoka ya pulanetiyo imachikhotetsa n'kuchiwonjezera liwiro, popanda kutentha mafuta ambiri. Pulaneti iliyonse imachiponyera kwa inzake. Mwa njira imeneyi Voyager 2, imene inanyamuka pa 20 Ogasiti 1977, inafika ku Neptune m'zaka 12 zokha.

Zimene zombo ziwirizi zinaona n'zambiri. Mu Malichi 1979, Linda Morabito akuyang'ana chithunzi cha Io, mwezi wina wa Jupiter, pofuna kudziwa malo enieni amene chombo chinali, anaona chinthu chonga utsi m'mphepete mwake. Linali phiri lophulika, loyamba kuonedwa likuphulika kunja kwa dziko lathu. Voyager 2 inafika ku Uranus mu 1986 ndi ku Neptune mu 1989, ndipo mpaka lero palibe chombo china chimene chinapitako. Pa 14 Febuluwale 1990, Voyager 1 inatembenuka n'kujambula dziko lapansi ili pa makilomita 6 biliyoni. Pachithunzicho dziko lonse ndi kadontho kamodzi. Mu Ogasiti 2012 inatuluka m'dera limene mphepo ya Dzuwa imafikako, ndipo inzake inatuluka mu Novembala 2018.

Kwa ine chodabwitsa kwambiri ndi chakuti tikuzimvabe. Kumeneko Dzuwa ndi lofooka, moti mapanelo a sola sangathandize. Magetsi amachokera ku kutentha kwa plutonium, ndipo ponyamuka chombo chilichonse chinali ndi mawati pafupifupi 470. Wailesi yake imatumiza ndi mphamvu ya mawati 23 okha, kudzera pa mbale ya mamita 3.7. Kuno kuti amve, amagwiritsa ntchito mbale zikuluzikulu, zina za mamita 70, zimene zili ku Goldstone ku California, pafupi ndi Madrid ku Spain, ndi pafupi ndi Canberra ku Australia. Anazimwaza chonchi kuti dziko likamazungulira, malo amodzi azikhala akuyang'ana kumene kuli chombo.

Uthenga umayenda pa liwiro la kuwala, makilomita 300,000 pa sekondi, komabe umatenga maola oposa 22 kuti ufike ku Voyager 1. Ukafunsa Lolemba m'mawa, yankho umalilandira Lachitatu m'mawa. Mu Novembala 2023 chombocho chinayamba kutumiza manambala opanda tanthauzo. Patapita miyezi, akatswiri anapeza kuti kachipangizo kamodzi kosunga malangizo mu kompyuta yake kanafa. Popeza panalibe malo okwanira onse pamodzi, anagawa malangizowo m'zigawo n'kuwasunga m'malo osiyanasiyana, ndipo mu Epulo 2024 uthenga unayambanso kumveka.

Pali uthenga wina umene zombozi zanyamula wopita kutsogolo. Pa chombo chilichonse anamangirirapo chimbale cha mkuwa chokutidwa ndi golide, chimene komiti yotsogoleredwa ndi Carl Sagan inakonza. M'chimbalemo muli zithunzi, nyimbo za mphindi 90, kulira kwa nyama ndi mphepo, ndi moni m'zinenero 55. Chipwitikizi chilimo. Chinyanja nachonso chilimo, pamodzi ndi Chiila, Chiganda ndi Chisotho. Moni wa Chinyanjawo ndi waufupi, ukungofunsa anthu a kumwambako kuti ali bwanji. Aphunzitsi amene mumaphunzitsa m'zinenero ziwirizi, dziwani kuti zonse zili m'chombo chimodzi, ndipo mawuwo mungawapeze pa intaneti n'kumvetsera ndi ana.

Magetsi a zombozi amachepa ndi mawati pafupifupi 4 chaka chilichonse. Makamera anazimitsidwa kalekale, ndipo zida zotsala akuzizimitsa chimodzichimodzi kuti wailesi izilankhulabe. Tsiku limene idzasiye, Voyager 1 idzapitirira kuyenda makilomita 17 pa sekondi. Pakadzatha zaka pafupifupi 40,000 idzadutsa chapatali ndi nyenyezi yotchedwa Gliese 445.