Pakhomo ndi pako, koma fungo silidziwa mpanda

Ndimasoka zovala pakhonde la sitolo ina pa Mayani, kuno kwa Tambala m'boma la Dedza, ndipo makina anga anayang'ana kanjira kamene amayi amadzera popita kumjigo. Chilichonse chodutsa m'kanjirako ndimachiona: ndowa, mbuzi, ana a sukulu, njinga za kabaza. Mu Januwale 2023 ndinayamba kuona china chachilendo. Chimbudzi cha kuseri kwa bawa ina chinadzaza ndi mvula, madzi ake akuda n'kumatuluka pansi pa mpanda, kudula kanjira kaja mpaka kukadikha chapafupi ndi mjigo. Amayi ankakwinya zitenje n'kudumpha, koma ana opanda nsapato ankangopondamo. Nthawi imeneyo n'kuti kolera itavuta m'dziko muno. Mliri umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700, ndipo tsiku lililonse wailesi inkatiuza za maliro ena.

M'mawa wina ndinapita kwa mwini bawayo asanatsegule. Titalonjerana ndinati, "Achimwene, madzi akuchokera kwanuwa atipweteka. Ana akupondamo." Sanakalipe, koma anandiyankha molimba: "Mayi, malo ano ndinagula ndi ndalama zanga, chimbudzicho ndinakumbitsa ndekha. Pakhomo panga munthu sangandiuze zochita."

Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri pa Mayani. Amawanena oonetsa makanema amene masipika awo amalira mpaka tambala woyamba, amawanena otentha mapulasitiki kuseri kwa okala, amawanenanso ounjika njerwa ndi mchenga pamsewu kwa miyezi. Ambiri mwa iwo si anthu oipa mtima. Amakhulupiriradi kuti malo akakhala awo, nkhani yatha. Mwana wa mchemwali wanga, amene ntchito yake ndi yothandiza anthu pa nkhani za malamulo, ndiye anakhala nane pansi n'kundimasulira kuti malamulo a dziko lino satero.

Poyamba anandisiyanitsira milandu iwiri. Mbuzi za mnansi wanga zikadya nyemba m'dimba mwanga, wolakwiridwa ndine ndekha. Timapita kwa anyakwawa, mnzangayo alipira, tagwirana chanza. Koma munthu akatseka njira yopita kumanda, akaipitsa madzi amene mudzi wonse umamwa, kapena akasowetsa tulo mzere wonse wa nyumba, walakwira anthu onse. Pamenepo boma limalowererapo ngakhale pasapezeke munthu mmodzi woti aloze bala lake.

Mlandu wachiwiriwu unalembedwa m'buku la malamulo a milandu ndi zilango, Penal Code, pa gawo 168, ndipo pa Chingerezi amautcha common nuisance. Mwachidule gawoli likuti munthu amene wachita chinthu chimene lamulo silinamuloleze, kapena wanyalanyaza udindo umene lamulo linamupatsa, n'kuika anthu pangozi, kuwasautsa kapena kuwatsekereza pa zinthu zimene aliyense ali ndi ufulu wozigwiritsa ntchito, wapalamula, ndipo atha kukakhala kundende chaka chimodzi. Taonani kuti kungokhala osachitapo kanthu nakonso n'kulakwa. Mwini bawa uja sanatunge madziwo n'kukathira panjira, koma ankawaona akutuluka n'kungowasiya.

Gawo lomweli lili ndi mfundo ina imene inandidabwitsa. Munthu sangadziteteze pongonena kuti okondwa ndi zimene akuchitazo ndi ochuluka kuposa odandaula. Bawa itha kudzaza ndi anthu ovina, pomwe osagona ndi mabanja ochepa oyandikana nayo, koma kuchuluka kwa ovinawo pakokha sikufufuta mlandu.

Magawo ena amatchula zinthu mwachindunji. Gawo 197 ndi la kuipitsa dala madzi a pakasupe kapena pamalo osungira madzi a anthu onse. Gawo 198 ndi la kuipitsa mpweya mpaka kuika pachiswe umoyo wa okhala pafupi, ochita malonda kapena odutsa m'njira. Gawo limeneli linatchuka mu 2011 pamene nduna ya zachilungamo ya nthawiyo, a George Chaponda, inanena pawailesi kuti likukhudzanso munthu wotulutsa mpweya woipa pagulu, koma mkulu wina wa zamalamulo m'boma, a Anthony Kamanga, anawongola kuti nkhani yake ndi ya kuononga mpweya umene tonse timapuma. Kwa ife kuno, umenewu ndi utsi wa matayala ndi majumbo otenthedwa madzulo a tsiku la msika, umene m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye umangoti tsaa pamwamba pa madenga, ana n'kumatsokomola usiku wonse. Gawo 199 ndiye la phokoso lalikulu ndi fungo loipa, kaya lochokera pa bizinesi kaya pa china chilichonse, likafika posautsa anthu ambiri ndithu.

Mawu oti "anthu ambiri ndithu" ndi ofunika, chifukwa lamulo silinabwere kudzatontholetsa msika. Walira mvula walira matope: tinkafuna zigayo, magetsi, owotcherera zitsulo ndi magalimoto odzagula mbatatesi ndi soya, ndipo zonsezi zimabwera ndi phokoso lake. Chigayo cholira masana ndi gawo la moyo wa pamalo a malonda. Nyimbo za pamaliro kapena ng'oma za paukwati timazipirira chifukwa ndi za usiku umodzi kapena uwiri, ndiponso mawa zidzakhala kwathu. Zimene sitiyenera kupirira ndi masipika oloza kunyumba za anthu usiku uliwonse chaka chonse, pamene wodwala akufuna kugona ndipo mwana wa Fomu 4 akuwerengera mayeso.

Lamulo lachiwiri ndi la zaumoyo, Public Health Act, limene linakhazikitsidwa mu 1948. Ili limachita kundandalika zinthu zosautsa: chimbudzi, ngalande kapena dzenje lonunkha ndi loopsa ku umoyo, khola losasamalidwa, mulu wa zinyalala, chitsime choipitsidwa, nyumba yothithikana anthu mopyola muyeso. Njira yake siyambira kupolisi ayi. Akuluakulu a zaumoyo kapena a khonsolo amapereka kalata kwa woyambitsa vutolo, yomuuza zoti akonze ndi masiku oti akhale atamaliza. Akanyozera, nkhani imapita kwa majisitireti, amene atha kumulamula kuti akonze komanso kumulipiritsa. Lamulo lomweli limapatsanso khonsolo udindo woonetsetsa kuti dera lake ndi laukhondo, choncho ife amene timadula tikiti pamsika tili ndi ufulu wofunsa za zimbudzi ndi kotaya zinyalala.

Anthu ena amati malamulo oterewa ndi a ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu, kumene kuli makhonsolo a mizinda. Si zoona. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 limapatsa mphamvu khonsolo iliyonse, ya mzinda ngakhale ya boma, yopanga malamulo ake ang'onoang'ono oletsa ndi kuthetsa zosautsa anthu m'dera lake. Mayani ali pansi pa khonsolo ya Dedza, ndipo tili ndi khansala amene ntchito yake ndi kutengera madandaulo athu kumeneko.

Komabe pali chenjezo limene sindingalisiye. Malamulo a zosautsa anthu akhala akugwiritsidwa ntchito molakwika pozunza amphawi. Tonse tikuudziwa mlandu wa vakabu, umene unkagwetsa m'chitokosi munthu wongopezeka akuyenda usiku. Mu Malichi 2015 a Mayeso Gwanda, ogulitsa majumbo, anamangidwa mbandakucha akupita kumsika wa Limbe. Anakatsutsa kukhoti, ndipo mu Januwale 2017 Khoti Lalikulu linagamula kuti gawo 184(1)(c) la Penal Code, limene anawamangira, ndi losemphana ndi malamulo oyendetsera dziko lino. Chigamulochi chikutikhudza kuno, pakuti alimi athu amalawira usiku ndi matumba panjinga kuti akapeze malo abwino pamsika. Munthu sakhala chosautsa chifukwa cha usiwa wake kapena ola limene wadzuka. Chofunika kufunsa n'chakuti: wachita chiyani, ndipo chavutitsa anthu angati? Wodwala misala wogona pakhonde la sitolo akufunika chipatala, pomwe mwini galimoto wotsukira mafuta mumtsinje akufunika lamulo, ngakhale atavala bwino chotani.

Nkhani ya kanjira kathu sinafike kukhoti. Tinasonkhana amayi asanu ndi mmodzi otunga pamjigo uja, pakuti mutu umodzi susenza denga, n'kupita kwa anyakwawa ndi kwa mlangizi wa zaumoyo. Iwo anabwera limodzi, anaona ndi maso awo, n'kumupatsa mwini bawa sabata imodzi. Anatseka chimbudzicho, anakumbitsa china kutali ndi mjigo, ndipo anyamata ake anakwirira ngalande ija ndi dothi. Lero timalonjerana bwinobwino, ndipo yunifolomu ya mwana wake ndinasoka ndine.

Chimene ndinaphunzira n'chakuti tinavutika milungu itatu chifukwa aliyense ankangong'ung'udza podumpha madziwo, poganiza kuti palibe kokanena. Inu amene mukuwerenga, mukaona chosautsa anthu kwanuko, yambani mwalankhula ndi mwini wake mwaulemu. Akakana, itanani anzanu ovutika nawo, lembani masiku amene vutolo lachitika, ndipo pitani kwa amfumu, kwa a zaumoyo, ku komiti ya msika kapena kwa khansala. Ndipo musanaloze chala mpanda wa mnzanu, zungulirani kuseri kwa nyumba yanu muone kumene madzi a kubafa kwanu akupita.