Kuwerengera Mphepo ya M'mwamba Polosera Mvula

Pa mtunda wa makilomita 10 mpaka 12 kuchokera pansi pamawomba mphepo ya liwiro yochokera kumadzulo, imene akatswiri a zanyengo amaitcha jet stream. Liwiro lake nthawi zina limapitirira makilomita 200 pa ola. Mlimi saimva pankhope, komabe imakhudza munda wake. M'dzinja, mphepoyi ikakhotera kumpoto nkukumana ndi chinyontho chochokera cha ku Angola, pamapangika mzere wa mitambo wodutsa Botswana, Zimbabwe ndi South Africa, umene umagwetsa gawo lalikulu la mvula ya kumeneko.

Mphepoyi amaiyeza ndi zibaluni zonyamula zipangizo, ndege ndiponso masetilaiti. Ntchito yeniyeni ili pa kuwerengera. Akatswiri amatenga miyeso ya zaka 30, monga 1991 mpaka 2020, napeza liwiro ndi malo amene mphepoyi imakhala kawirikawiri mwezi uliwonse. Kenaka amaona mmene chaka chilichonse chapatukira pa muyeso wapakatiwo, nayerekeza kupatukako ndi kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific ndi ya Indian. Zinthu ziwiri zikayendera limodzi zaka zambiri, chimodzi chimathandiza kulosera chinzake. Sizitero chaka chilichonse. El Niño wa 1991/92 anadza ndi chilala choopsa, pamene wa 1997/98, ngakhale anali wamphamvu koposa, sanaumitse minda monga ankaopera.

Polosera za masiku ochepa, bungwe la ECMWF la ku Ulaya lakhala likubwereza ulosi kambirimbiri pa kompyuta kuyambira 1992, likusintha pang'ono miyeso yoyambira. Masiku ano limabwereza maulendo oposa 50. Mayankho akagwirizana, ulosi ndi wodalirika. Akabalalika, mphepoyo ikhoza kukhotera kulikonse.

Ndi chifukwa chake ulosi wa dzinja wa msonkhano wa SARCOF, umene unayamba mu 1997, umabwera ndi manambala atatu. Mwachitsanzo, 25, 40 ndi 35 atanthauza mwayi wa mvula yochuluka, yapakati ndi yochepa, pa 100 iliyonse. Apa ndi pamene alangizi ambiri amaterereka: amaona 40 nkuuza alimi kuti kudzagwa mvula yabwino, pamene mwayi wa mvula yochepa ndi woposa umodzi mwa itatu. Ulosiwu sunenanso tsiku loyamba mvula kapena nthawi ya ng'amba. Mlangizi wolandira manambala otere ayenera kulimbikitsa kuti gawo la munda libzalidwe chimanga chocha msanga kapena mapira, ndipo atsatire ulosi wa masiku 10 wa nthambi ya zanyengo ya dziko lake asanalangize zothira feteleza wachiwiri.