Kamakina kokweza phazi la mwana

Imwe amene mumakwela basi kuseni-seni mumawadziŵa azimai aja: mwana wazaka 6 kapena 7 akali kumsana, miyendo ili lendelende, kondakita ali "fendelani". Ambili mwa anawa ali na cerebral palsy. Ubongo unavulala mwana akali m'mimba, pobadwa, kapena ali khanda, mwina cifukwa ca kupeleŵela kwa mpweya, cikasu camphamvu kapena malungo ofika ku ubongo. Si ufiti, ndipo siyambukila.

Ana ena amayenda ndithu, koma phazi limakana kukwela. Zala zimakwekwela pansi, nsapato kutha kutsogolo, mwana kumangogwa. Apa m'pamene pagwila nchito njila ya FES. Musaope, si magetsi a Zesco. Ni kamakina ka mabatile komanga kunsi kwa bondo, pamene pamapita mtsempha wolamula mnofu wokweza phazi. Mwana akanyamula cidendene, kasensa kamamva, kamakina n'kutumiza mphamvu pang'ono cabe. Mnofu umakoka, zala zimakwela, phazi n'kudutsa osagunda pansi. Akaponda, kamaleka. Nzeluyi si yatsopano: dokotala Liberson anaiyesa mu 1961 ku America pa akulu odwala sitiloko.

Manje mvetsetsani. Kamakina sikacilitsa ubongo. Kamathandiza maka-maka mwana amene amayenda kale, ndipo ma exercise a physio sayenela kuleka. Ana ena khungu limanyeleza, ena amakana kunyelenyetsa kwake. Ngati mwana ali na khunyu, dokotala ayambe waona. Mtengo nawo ni nkhani: makina monga WalkAide na Bioness L300 amagulidwa madola masauzande. Ndiye cifukwa cake pulasitiki yocilikiza akakolo, ija yoloŵa mu nsapato, ikali yodalilika kwa mabanja ambili.

Cimene cinidetsa nkhawa ine ni tumakina twa masaji tuja togulitsa m'tauni na pa Facebook. Nato tumagwedeza minofu, inde, koma situdziŵa nthawi imene mwana anyamula phazi, komanso palibe amene wapima mphamvu yake pa kamwendo ka mwana. Mai wothedwa nzelu angatayepo ndalama ya lendi.

Musanagule ciliconse, pitani naye kwa a physio ku UTH kapena ku Beit CURE pa Great North Road, amuone mayendedwe. Nyamulani na nsapato zake zakale, cifukwa pamene zinathela pamawauza zambili.