Cingelezi Cabwerera ku Giredi 1: Nanga Aphunzitsi Aphunzitsira Ciani?

KUYAMBIRA m'caka ca 2025, mwana wolowa Giredi 1 m'sukulu za boma akuphunzira m'Cingelezi. Ndondomeko ya maphunziro ya 2023 ndiyo inabweretsa zimenezi, kulowa m'malo mwa ija ya 2013 imene inkati ana aziphunzira m'zinenero zathu kufikira Giredi 4. Makolo ambiri anaomba m'manja. Koma mphunzitsi wa ku Chawama kapena ku Chadiza ali ndi funso lina: ndiphunzitsira ciani? Maphunziro aulere a 2022 anadzaza makalasi, ndipo ngakhale kuti boma linalemba nchito aphunzitsi oposa 30,000 caka comweco, m'sukulu zambiri ana akali kuunjikana pa buku limodzi.

Njira imeneyi tinapitamo kale. Kucokera mu 1966, kwa zaka 30, Cingelezi cinali cophunzirira kuyambira Giredi 1. Acikulire akumbukira mabuku a Mulenga ndi Jelita, ndi kalasi yonse kubwereza mokweza mau a aphunzitsi. Pamene bungwe la SACMEQ linayesa ana a Giredi 6 mu 1995, linapeza kuti mwana mmodzi cabe mwa anai ndiye ankawerenga pa mlingo wocepetsetsa wofunika. Ana ankaimba Cingelezi, koma osacimva. Ndiye cifukwa cake cikalata ca Educating Our Future ca 1996 cinati mwana ayambe kuwerenga m'cinenero cimene adziwa, ndipo mu 1999 kunabwera Primary Reading Programme ndi maphunziro ake a New Breakthrough to Literacy ndi Step In To English.

Zida za maphunziro amenewo zinang'ambika kalekale m'sukulu zambiri, koma nzeru yake siinang'ambike. Cinali cinthu capafupi: mwana anene ciganizo cake, kenaka afune mau ake pa timakadi ndi kuwandandalika. Timakadi timeneti sitifuna ndalama za ku Lusaka. Katoni ya sopo yotayidwa pa kantemba, sizasi ndi colembera, basi. Lembani mau amodzi pa kadi iliyonse: my, mother, is, cooking, nshima, sweeping, not. Gulu la ana asanu lipange ziganizo zonse zimene lingathe, ndipo wina akaika "not" pakati, afotokoze m'Cinyanja cimene casintha. Musaope Cinyanja m'kalasi. Mwana amene afotokoza bwino m'cinenero cake ndiye wamva. Wongogwedeza mutu ndiye wokaikitsa.

Cina cimene cili m'nyumba zambiri ndi thumba la ufa. Pa thumba limodzi pali phunziro lathunthu: breakfast meal, roller meal, 25 kg, dzina la tauni kumene ufa unagayidwa. Onjezani mapaketi a shuga, mcere ndi macisi, mutsegule kamsika pakona ya kalasi, zitsekero za mabotolo zikhale ndalama. Wina agulitse, wina agule, wina adandaule kuti zakwera mtengo. Mwana amene amatumidwa kumsika tsiku ndi tsiku adziwa kale zokamba. Cimene asowa ndi mau cabe. Aphunzitsi amachula njira yotere kuti TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pafupi.

Koma cida coposa zonse ndi makutu a mphunzitsi, pakuti zolakwa za ana athu sizicokera kumwamba. Zicokera m'cinenero cao, ndipo zidziwika zisanabwere. M'Cinyanja "iye" ndi mwamuna ndi mkazi yemwe, motero mwana adzati "my mother, he is sick". M'malo momukalipira, imikani mnyamata ndi mtsikana kutsogolo, wina alumphe, wina akhale pansi, kalasi inene "he" kapena "she" mofulumira. Mphindi zisanu tsiku lililonse zikwana.

Tili ndi mavawelo asanu okha, pamene Cingelezi cili ndi oposa khumi. Kwa mwana wa ku Katete, ship ndi sheep ndi mau amodzi, monganso live ndi leave. Jambulani combo kumanzere kwa bolodi, nkhosa kumanja, muchule mau, ana aloze. Ayambe ndi kumva kusiyana, kuchula kubwere pambuyo. Citani cimodzimodzi ndi l ndi r, amene kwa ife ndi liu limodzi: pray ndi play, rice ndi lice. Apa ana amaseka kwambiri, ndipo cimene mwana waseka saiwala msanga. Palinso cizolowezi cathu comaliza mau ndi vawelo, cija cinasandutsa book kukhala buku. Mwana akati "deski", mumuuze aombe m'manja kamodzi kokha pa desk.

Nanga "borrow me your pen"? Apa Cinyanja ndico mankhwala. Mwana aliyense asiyanitsa kubwereka ndi kubwereketsa. Muuzeni kuti borrow ndi kubwereka, lend ndi kubwereketsa, ndipo nkhani yatha. Kufotokoza zimenezi m'Cingelezi cokhacokha kungadye phunziro lonse.

Kwa ana okulirapo, nthano za Kalulu ndi Fisi ndi mabuku amene ali kale m'mitu mwao. Mwana asimbe m'Cinyanja, gulu lilembe nthanoyo m'ziganizo zisanu ndi cimodzi za Cingelezi pa katoni, mudule ciganizo ciliconse pacokha, gulu lina lizibwezere m'malo mwake. Pomatha temu kalasi idzakhala ndi nthano zake zowerenga, zopacikidwa pa cingwe.

Vuto lenileni ndi nthawi. Mphunzitsi wa ana 80, wophunzitsa m'mawa ndi masana, sangadule makatoni yekha usiku uliwonse, ndipo si cilungamo kumuuza kuti luso lake lilowe m'malo mwa mabuku amene Unduna wa Maphunziro uyenera kufikitsa. Komabe misonkhano ya magulu a aphunzitsi pa sukulu ilipo kale. Ahedi angapatule umodzi pa temu kuti ukhale wodula ndi kulemba timakadi, ana a Giredi 6 athandize, makolo a PTA abweretse makatoni. Timakadi tisungidwe m'cidebe ca pulasitiki cotseka bwino, cifukwa ciswe ndi mvula ya Janyuwale sizisankha kuti ici ndi cida ca sukulu.