Utoto, Dzuwa ndi Magetsi: Zoyenera Kudziwa Alangizi

Ku Kadoma m'dziko la Zimbabwe kuli malo ofufuzira za thonje, Cotton Research Institute, amene anatsegulidwa m'chaka cha 1925. Kwa zaka zambiri thonje la m'derali linkasanduka ulusi ndi nsalu m'mafakitale a David Whitehead ku Kadoma ndi ku Chegutu. Onyika nsalu amadziwa kuti utoto umamwa mbali ina ya kuwala kwa dzuwa, ndi kuti dzuwa lomwelo limausulutsa. Mfundo ziwirizi ndizo maziko a kafukufuku wopanga magetsi ndi utoto.

Tsamba la thonje limagwira ntchito mofananamo. Kubiriwira kwake, kumene asayansi amakutcha chlorophyll, kukamwa kuwala kumamasula tizinthu tonyamula mphamvu ya magetsi totchedwa maelekitironi, ndipo mbewu imapangira chakudya mphamvu imeneyo. Utoto nawonso umamasula maelekitironi, koma pamafunika njira yoti adutsemo.

Pulasitiki wamba sadutsa magetsi. M'chaka cha 1977 Shirakawa, MacDiarmid ndi Heeger anaonetsa kuti pulasitiki wotchedwa polyacetylene amadutsa magetsi akamuthira ayodini, ndipo analandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 2000. Pulasitiki wa mtundu umenewu akasakanizidwa ndi utoto amamwa kuwala kochulukirapo, maelekitironi nayenda mwa iye. M'chaka cha 1991, ku Lausanne, O'Regan ndi Grätzel analengeza za chipangizo cha utoto womatidwa pa titanium dioxide, chimene chinkasandutsa magetsi magawo pafupifupi 7 mwa magawo 100 a mphamvu ya dzuwa. Ofufuza ena ayesanso utoto wa zomera, monga wofiira wa chidede, koma magetsi ake ndi ochepa kwambiri ndipo suchedwa kusuluka.

Mapanelo a silicon amene akugulitsidwa masiku ano amafika magawo 20 kapena kuposerapo, ndipo ambiri amatsimikiziridwa kugwira ntchito zaka 25. Zipangizo za utoto zimachita bwino pa kuwala kochepa, monga m'nyumba, koma kutentha ndi dzuwa la mwezi wa Okutobala zimazifooketsa msanga.

Motero mlimi wa ku Chegutu, Chipata kapena Kasungu akafuna kugula panelo yoyendetsa pampu ya kudimba, mlangizi amuuze kuti asankhe ya silicon, awerenge mawati olembedwa kumbuyo kwake, ndiponso afunse kalata ya chitsimikizo asanapereke ndalama za thonje lake.